Mutu 4: Dzanja la Lubuto, Dzina la Chantelle

1. Mpando wa Pakhonde

Pakhonde la nyumba ya a Hector Kabamba ku Kabulonga panali mpando wansungwi umene ankakhalapo alendo olemekezeka okha. Lubuto anakhala m'nyumbamo zaka zisanu, akuupukuta fumbi m'mawa uliwonse, koma anali asanaukhalepo n'kamodzi komwe.

Lamulungu lina atabwerako ku tchalitchi, a Hector anamuitana namulozera mpando womwewo. Anamuthirira okha chakumwa chozizira m'tambula. Lubuto anakhala chakunsonga kwa mpandowo, manja ali pamaondo. Paja akuluakulu amati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

A Hector anali amalume ake, mlongo wawo wa amayi ake. Analemera pa nthawi imene boma linamasula malonda, pogulitsa magalimoto ochokera kunja. Ku tchalitchi anali mkulu wa mpingo, ndipo akaimirira kupemphera mawu awo ankamveka mpaka kumsewu.

Bambo ake a Lubuto, a Besa, anamwalira iye ali m'Giredi 9. Chinawapha ndi dzino. Atatopa ndi mzere wa kuchipatala, anapita kwa munthu wina wa kuseri kwa msika amene ankadzitcha dokotala. Munthuyo anawazula dzino ndi zitsulo zosaphika. Tsaya linatupa, kutupako kunatsikira kukhosi, ndipo pofika nawo kuchipatala chachikulu zinthu zinali zitaipa kale. Kuyambira pamenepo Lubuto sanafunenso ntchito ina. Ankafuna kudzakhala dokotala wa mano.

Maliro atatha, a Hector anamutenga n'kumamuphunzitsa pamodzi ndi mwana wawo Chantelle. Atsikana awiriwa anali a msinkhu umodzi, ndipo ankafanana kwambiri moti anthu ku tchalitchi ankawayesa mapasa. Koma zotsatira za Giredi 12 zinawasiyanitsa. Lubuto anakhoza ndi mapointi sikisi, omwe ndi apamwamba kuposa onse. Chantelle anakhoza maphunziro ena, koma kemisitiri anagwa. Anabwereza, anagwanso.

"Uli shani, mwana wanga?" anafunsa a Hector.

"Nili bwino, ba Yama," anayankha Lubuto. Umu ndi mmene a kwawo ku Luapula amaitanira amalume.

"Nkhani ya udokotala wa mano ikali mu mtima?"

"Ikalimo, ba Yama. Ba yunivesiti batseka kulandila mapepala kumapeto kwa mwezi wa mawa. Nifuna nipeleke mwamsanga."

"Very good," anatero a Hector, akusisita m'manja. "Manje mvela. Ine nifuna kumanga kiliniki ya mano ku Woodlands. Malo nagula kale. Pa chikwangwani pazakhala madokotala babili, iwe na Chantelle. Banja imodzi, ntchito imodzi."

"Koma ba Yama, Chantelle sangalowe. Bafuna munthu wamene anakhoza bwino Chizungu, masamu, bayoloje, fizikisi na kemisitili. Imodzi ikasowa, pepala baika pambali."

"Ndiye chifukwa nakuitana," anatero a Hector, akutsitsa mawu. "Chantelle namulembetsa kuti abweleze kemisitili mwezi wa mawa. Koma mu chipinda cha mayeso muzalowa iwe. Bamene bayang'anila pamalo paja nakamba nabo kale. Iwe uzangolemba chabe, pamwamba uike dzina ya mbale wako."

Lubuto anaika tambula pansi. Nkhope inamutentha ngati wayandikira mbaula.

"Ba Yama, uko ni kuba."

A Hector anaseka, koma maso awo sanaseke nawo.

"Kuba? Waba chani? Nzelu ni zako, dzanja ni yako, upatsa mbale wako wa magazi amodzi. Mvela bwino, Lubuto. Pamene batate bako banafa, bantu banabwela bambili pa malilo. Banalila, banadya, banayenda. Wamene anakutenga ni ndani? Yunifomu, nsapato, mabuku, nyali yobelengela, unazipeza kuti? Ine sininakufunsepo chilichonse. Lelo napempha kantu kamodzi, ka maola yang'ono chabe, ndiye uti ni kuba? Ndipo usaibale, udokotala si sukulu ya chaka chimodzi. Ni zaka zambili, na zitsulo zodula, na malo yogona. Amai bako bangakwanitse na ntchito yodula nsalu ku Kamwala? Yenda ukaganize. Mwana wanzelu saluma chala chamene chimudyetsa."

2. Lumo la Amayi

M'mawa mwake Lubuto anakwera minibasi kupita ku Kamwala. Anadutsa pakati pa mawilibala, onyamula mabelo ndi azimayi oitanira malonda, mpaka anafika pa sitolo ya nsalu pamene amayi ake, a Barbara, ankagwira ntchito.

Anawapeza akudula chitenje cha kasitomala. Kasitomalayo atapita, Lubuto anawakokera kuseri kwa mabelo nawafotokozera zonse. Mawu ankamutuluka mothamanga.

"Muone, ba Mami! Munthu wamene aimilila kutsogolo mu chechi! Afuna nikhale kawalala!"

Ankayembekeza kuti amayi ake akwiya naye limodzi. Koma a Barbara anangoyang'ana lumo lawo, akulitsegula ndi kulitseka.

"Chepetsa mawu, bantu bamvela," anatero.

"Ndiye mukamba chabe izo?"

A Barbara anausa moyo nakhala pa belo.

"Mwana wanga, ine niziba kuti si chabwino. Koma iwe ukali mwana, dziko sunaione. Ine naiona. Chilungamo ni chabwino kwa munthu wamene ali na pogona. Ba yama bako bakakwiya, tizayenda kuti? Nyumba yathu ya ku Kabwata uiziba, chipinda chimodzi, madzi yabwela pamene yafuna. Naona bana bambili ba nzelu monga iwe. Banakhoza bwino, zithunzi zabo zinatuluka, manje bagulitsa makadi ya foni mu town ndaba banalibe wobagwila dzanja. Ine sinifuna kukuona uko. Hector ni wouma mutu kuchokela ku ubwana. Akafuna chintu sabwelela. Ngati ungalembe mwakachetechete, tsiku imodzi chabe, Mulungu aona kuti si iwe unayamba."

"Nanga bakanigwila?"

A Barbara anatola kansalu pansi n'kuyamba kukapinda.

"Ba Mami, bakanigwila, wamene azalowa mu galimoto ya bapolisi ni ndani? Ni Chantelle? Ni ba Yama?"

"Hector akuti wakonza zonse."

"Mwaziba bwanji kuti wakonza? Ninshi banakuuzani kale!"

A Barbara anaweramitsa mutu. Zinalidi choncho. Mlongo wawo anali atawaimbira foni sabata yathayo, iwo n'kungoti akambe ndi mwana.

Lubuto anaimirira. Misozi inali m'maso, koma sinali ya chisoni.

"Nonse mwagwilizana. Ine nilibe wanga."

Anatuluka m'sitolomo osatsanzika. A Barbara anamuitana kawiri, kenako mwini sitolo anawakuwira kuti kwabwera kasitomala wina.

3. Mawu a ku Chelstone

Lubuto sanabwerere ku Kabulonga. Anakwera basi ina yopita ku Chelstone, kwa mayi Musonda, amene anamuphunzitsa kemisitiri ku sekondale. Mayiwa kwawo kunali ku Katete, koma anakwatiwa kwa Abemba. Anali atapuma pa ntchito, ndipo tsopano ankaphunzitsa ana obwereza mayeso m'galaja ya nyumba yawo.

Anawapeza akuthirira ndiwo kuseri. Mayiwo anamvetsera nkhani yonse osamudula. Atamaliza, mayi Musonda anaponya paipi pansi madzi akutulukabe.

"Ati chiyani? Mkulu wa mpingo? Ha! Mwana wamasiye ndiye wasanduka chikwanje chodulira minga kuti ana awo adutse bwino?"

Anatseka mpopi mwaukali, natenga mipando iwiri, nakhazika Lubuto patsogolo pawo.

"Khala apa undimvere. Ndikuuza zinthu zitatu, ndipo sindikunyengerera.

"Choyamba ndi iwe mwini. Ine ndayang'anirapo mayeso zaka zambiri. Ndinaona mnyamata wanzeru akutulutsidwa m'chipinda, cholembera chili m'manja, chifukwa analowa m'dzina la mnzake. Amene anamutuma sanaoneke. Foni yawo inazima tsiku lomwelo. Ukagwidwa, sikuti amangong'amba pepala limene ukulembalo ayi. Dzina lako limada, mlandu umapita kupolisi, ndipo mapointi ako sikisi aja sadzakupindulira kanthu. Udokotala ndi ntchito ya anthu okhulupirika. Ndani adzalembetse munthu wa mbiri yotere kuti azigwira odwala? Amalume ako akuti akonza zonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene walandira chiphuphu kwa iwo akhoza kukugulitsanso kwa wina.

"Chachiwiri ndi Chantelle. Anthu amaganiza kuti a yunivesite amafuna kemisitiri chifukwa cha nkhanza. Si nkhanza. Ukalowa, suyamba ndi kugwira mano. Uyamba ndi sayansi yomwe ija, yolimba kuposa ya ku sekondale, ndipo kumeneko amasefa ngati ufa. Kenako uphunzire thupi lonse la munthu, mafupa, mitsempha, magazi, mankhwala. Udzayeserera pa mano opanga mpaka zala kuuma usanaloledwe kukhudza munthu wamoyo. Tsono ukamulembera lero, chaka chamawa adzamulembera ndani? Iwe womwe. Chaka chinacho? Iwenso. Udzakhala kapolo wa chinsinsi chimenechi mpaka imvi.

"Chachitatu ndi munthu amene sunamuone. Tiyerekeze kuti zonse zayenda, Chantelle wavala chovala choyera. Kwabwera mayi ndi mwana wake, tsaya lili tupu. Akufunika jakisoni wochititsa dzanzi. Mankhwala amenewo ukapyoza muyeso, mtima wa mwana ukhoza kuima. Kodi tsiku limenelo udzabisala pansi pa tebulo kuti umunong'oneze? M'kamwa ndi pafupi ndi ubongo, mwana wanga. Si malo ophunzirirapo kunama. Chitseko chimene amalume ako akufuna kuthyola anachiika kuti chiteteze anthu ngati amenewo."

Lubuto anakumba pansi ndi nsonga ya nsapato.

"Koma ba Madamu, bananisunga. Bakuti niluma chala."

"Anakusungadi, ndipo anachita bwino. Uziwathokoza mpaka kufa. Akadwala ukawadwazike, akakalamba ukawagwire mkono. Koma kuthokoza sikutanthauza kupereka khosi lako kuti alipondepo. Amene amakuthandiza n'cholinga choti adzakutume kukaba sanakulere, anakunenepetsa."

Mayi Musonda anapuma pang'ono, mawu awo n'kufewa.

"Sindikunamiza. Ukakana, uvutika. Mwina akuthamangitsa. Koma njira zilipo. Boma limapereka thandizo kwa ophunzira okhoza bwino, ngakhale kuti olifuna ndi ambiri. Tidzayenda limodzi m'maofesi mpaka nsapato zithe. Ndipo Chantelle, ngati akufunadi kemisitiri, abwere kuno ndimuphunzitse. Galaja iyi yakhozetsa ana amene anagwapo katatu. Koma alembe ndi dzanja lake."

"Nanga nichite bwanji?"

"Ine ndakutsina khutu. Pakamwa poyankhira ndi pako."

4. Ku Saluni

Sabata yonseyo Lubuto anangokhala duu. Ankasesa, kutsuka mbale, kupereka moni, koma nkhani ija osaitchula. A Hector anayesa kuti kukhala chete ndiko kuvomera.

Loweruka m'mawa anauza atsikana onse awiri kuti akwere galimoto. Sananene kumene akupita. Ali m'njira anayang'ana Lubuto pa kagalasi ka kutsogolo.

"Tiyenda ku saluni ku Woodlands. Bakuluke monga Chantelle. Tikachoka uko tikajambule chithunzi cha pa kadi ya mayeso. Ndipo kuyambila manje, nikaitana Chantelle, uyankhe ndiwe. Uzolowele."

Lubuto anafuna kulankhula, koma Chantelle anamugwira dzanja n'kulifinya.

Ku saluni a Hector analozera woluka mutu wa mwana wawo. "Uyu mumupange chimodzimodzi," anatero, natuluka panja kukalankhula pa foni.

Woluka anayamba ntchito. Anagawa tsitsi, nayamba kulumikiza zingwe zazitali zofiirira ngati za Chantelle. Mbali ya kumanzere itatha, anapita kuchipinda china kukatenga zingwe zina. Atsikana aja anatsala awiri patsogolo pa galasi.

"Chantelle, niuze zoona," anatero Lubuto. "Iwe ufuna kukhala dokotala wa mano?"

Chantelle anayang'ana kukhomo, kenako anapukusa mutu.

"Ine nikaona magazi nimvela chizungulile, uziba. Nifuna kusoka zovala. Nili na mabuku yabili yodzala na madilesi yamene najambula."

"Nanga ubauza liti ba Dadi bako?"

"Ninabauza. Banati mwana wa Kabamba sangakhale telala. Banakhala mwezi osanikambitsa." Chantelle anayamba kulira. "Lubuto, napapata, lemba chabe. Kwa iwe ni chopepuka. Nalema kuitanidwa chipuba chopanda nzelu pa tebulo."

Lubuto anamumvera chisoni, koma mkwiyo unakula kuposa chisonicho.

"Ndiye ine niike moyo wanga pa moto, pa chintu chamene iwe mwine sufuna? Iwe uzakhala ku nyumba utamba TV, ine nili mu mayeso mtima uli m'mwamba, niyembekeza wina anigwile pa phewa? Awe, Chantelle. Nikukonda, koma awe."

Nthawi yomweyo a Hector analowa, foni ili m'manja. Anaima kumbuyo kwa mpando wa Lubuto namuyang'ana m'galasi. Anamwetulira poona mmene mbali imodzi ija inamufananitsira ndi mwana wawo.

"Chantelle!" anaitana, maso ali pa Lubuto.

Lubuto sanayankhe.

"Nati Chantelle!"

Lubuto anachotsa nsalu imene anamukulunga m'khosi, naipinda bwinobwino, naiika pa mpando. Anatembenuka n'kuyang'anizana ndi amalume ake. Mawu anatuluka osakhota.

"Ine ndine Lubuto Besa, ba Yama. Chantelle ni uyo apo."

Azimayi amene anali m'zowumitsira tsitsi anasuzumira. A Hector anamugwira mkono n'kumutulutsira panja, pamalo oimika magalimoto.

"Ufuna kunichititsa nsoni pa bantu?"

"Nsoni mwazibweletsa mweka. Ine sinizalemba. Mwanisunga, nithokoza, ndipo sinizaibala. Nitumeni ntchito iliyonse, nizachita. Nizamuphunzitsa Chantelle usiku na usana ngati afuna. Ba Madamu Musonda nabo bavomela kumuthandiza. Koma kulowa mu dzina yake, awe."

"Wauza bantu ba kunja nkhani ya mu nyumba mwanga?"

"Ba Yama, ba Tata banafa ndaba munthu wina anadzitcha dokotala alibe maphunzilo. Inu munanyamula bokosi. Manje mufuna ine, mwana wabo, nipange dokotala wina wa bodza na dzanja yanga?"

A Hector anamuyandikira. Anakweza chala n'kumuloza pamphumi.

"Mwana wosayamika! Njoka yamene nafunditsa mu bulangeti yanga! Uganiza mapointi sikisi ni chakudya? Dziko ino siyendela nzelu, iyendela bantu bamene uziba. Uzayenda mu maofesi mpaka mapazi yang'ambike, ndipo uzabwela kugwada pa geti yanga. Nikabwela madzulo nisakupeze mu nyumba mwanga. Ine niyenda ku miting'i ya bakulu ba mpingo, nilibe nthawi ya bana bopanda mwambo. Chantelle, lowa mu galimoto!"

Chantelle analowa akulira. Galimoto inanyamuka mwaliwiro n'kumusiya Lubuto m'fumbi.

Woluka uja anatuluka ndi zingwe m'manja. "Nanga mutu, mwana iwe? Nitsilize?"

"Siyani, ba sisi," anatero Lubuto. "Si mutu wanga wamene munali kuluka."

5. Envulopu

Lubuto anayenda pansi mpaka ku Kabulonga, mutu uli hafu woluka hafu wosaluka. Anthu m'njira ankacheuka, ana ena ankaseka, koma iye sanawalabadire. Analonga zovala zake m'chikwama, natenga mabuku ndi envulopu yaikulu imene ankasungiramo satifiketi yake. Anasesa chipinda, nayala bedi, natuluka.

Anafika ku Kabwata dzuwa litapendeka. A Barbara anali atangoweruka, akuchapa pakhomo. Ataona chikwama ndi mutu wa mwana wawo, sopo anawagwa m'manja.

"Mayo ine! Wakana?"

"Nakana, ba Mami."

"Lubuto, watipha! Sukanayembekeza nikambe naye bwinobwino? Manje tizachita chani?"

"Nizapeleka mapepala ku yunivesiti pa Mande. Zotsala tizaona."

Analowa m'nyumba, nakhala pa bedi, natsegula envulopu ija kuti aone ngati zonse zili m'malo. Anatulutsa zithunzi zake zing'onozing'ono. Anatulutsa kalata ya umboni ya ahedi. Anaigwedeza envulopuyo, naisuzumira, naing'amba m'mbali. Satifiketi ya Giredi 12 munalibe.

Anakhuthula chikwama chonse pansi. Anatsegula buku lililonse. Ali m'kati mofufuza, foni ya amayi ake inalira. Anali a Hector. A Barbara anapukuta manja pa chitenje nayankha, ndipo mawu ankamveka m'chipinda monse, akuwatchula mwa kwawo kuti bana Lubuto, kutanthauza amake a Lubuto.

"Bana Lubuto, mwana wanu wafika? Mumuuze asavutike kusakila. Satifiketi nili nayo ine, ninaitenga kale. Ni ine ninalipila sukulu, ndiye pepala ni yanga. Akalemba mayeso ya Chantelle, azaitenga tsiku yamene iyo. Akakana, ba yunivesiti bazatseka alibe chopeleka. Aone ngati chilungamo chake chizamulowetsa. Mwana uyu watengela batate bake, kuuma mutu pa umphawi."

Lubuto anayang'ana amayi ake, akudikira kuti ayambe kupepesa monga mwa masiku onse.

Koma a Barbara anaimirira mowongoka. Nkhope yawo inasintha moti Lubuto anachita mantha.

"Hector," anatero, mawu ali pansipansi. "Wakamba chani za Besa?"

"Nakamba zoona. Ndipo imwe muziba wamene..."

"Khala chete, nikambe ine. Pamene ba Mayo, amai bathu, banafa ku Mansa, iwe unali na zaka zinayi. Ninakubeleka pa msana ine. Ninasiya sukulu ine kuti iwe uphunzile. Ninagulitsa finkubala, mphalabungu zija, na chinangwa pa station kuti uvale nsapato. Ninakufunsapo chani? Ninakutumapo kukaba? Ine ninakhala chete pamene unapempha choipa, ndaba ninali na mantha, ndipo nachita nsoni pamaso pa mwana wanga. Koma manje wagwila thukuta yake. Pepala ija sanagule, anabelenga maso kufiila. Ndipo wanyoza munthu wamene ali mu manda."

"Bana Lubuto, miting'i ikali mkati, nilibe nthawi..."

"Usadandaule. Nthawi nizakupezela."

A Barbara anadula foni. Anasiya zochapa zili m'beseni. Anavula chitenje chonyowa, namanga china chatsopano, nachikoka mfundo mwamphamvu. Kenako anatulutsa nsapato zawo za ku tchalitchi pansi pa bedi.

Lubuto anatenga mpango kuti aphimbe mutu wake.

"Siya mpango," anatero amayi ake. "Ndipo usamasule kalikonse. Mutu uyo uyende mwamene ulili."

"Tiyenda kuti, ba Mami? Ku Kabulonga?"

"Ku Kabulonga kuli geti na bagalu. Tiyenda ku chechi. Bakulu ba mpingo bonse bali pamodzi, na ba pasita bali pamene apo. Nifuna bakufunse beka kuti wakuluka so ni ndani, ndipo anali kufuna chani."

Anakhoma chitseko, naika kiyi m'chikwama. Pamsewu minibasi inali itayamba kale kunyamuka, koma a Barbara, amene moyo wawo wonse sanakuwepo pagulu, anaima pakati pa njira n'kukweza dzanja.

"Imika, iwe! Tili babili!"